Muyezo wa Chamba mu Ufumu wa Mawatiwona

Mu ufumu wa Mawatiwona munali munthu amene dziko lonse linkamudziwa mawu koma osamudziwa mano. Dzina lake linali Yotamu Mkwapatira, ndipo ntchito yake inali yowerenga mauthenga a maliro pa wailesi ya ufumu. M'mawa uliwonse, amayi akamasesa pabwalo, mawu ake olemera ankatchula amene atisiya ndi mudzi umene kwagwa zovuta, n'kupempha aliyense amene wamva uthengawo kuti adziwitse achibale amene ali kutali. Ntchito imeneyi inamuumitsa nkhope. Anzake ankati ngakhale pa chithunzi cha ukwati wake amaoneka ngati wabwera kudzapepesa anamfedwa. Sankamwa, sankasuta, ndipo kutchalitchi ndiye ankasunga makiyi a kabati ya vinyo poti panalibe womukayikira.

Pa nthawiyo wolamula anali Mfumu Sindilakwa Wachinayi, imene inalowa ufumu ndi lonjezo lokonza zonse zimene bambo ake, Sindilakwa Wachitatu, sanalakwitse.

Chamba chinafika m'dzikomo kalekale ndi amalonda ochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo makolo anachilandira monga ankalandirira mlendo aliyense: anachipatsa malo kuseri kwa nkhokwe. Ena ankachikulunga m'makungwa a nthochi n'kuchikwirira kuti chipse bwino, ena ankapota zingwe ndi luzi lake, ena ankachithira m'madzi a nkhuku kukagwa chitopa. Atsamunda atabwera anati chomerachi chimabala ulesi, popeza munthu akasuta ankayamba kufunsa chifukwa chimene akulimira munda wa eni ake. Anachiletsa. Atsamundawo atapita, Sindilakwa Woyamba anataya mbendera yawo, nyimbo yawo ndi zipewa zawo, koma lamulo la chamba analisunga bwinobwino, pa chifukwa chomwecho.

Zinthu zinayenda choncho mpaka fodya, amene ankadyetsa ufumu wonse, anagwa mtengo. Ogula akunja anayamba kumvera chisoni mapapo awo, ndipo adzukulu a atsamunda omwe aja anatumiza mawu akuti tsopano akufuna chamba chopangira mankhwala, mafuta ndi nsalu. Bwalo la nduna linagwira njakata. Chuma chinali chitagogoda pakhomo, koma chitavala nkhope ya chinthu chimene chinadzaza ndende zonse. Kunena kuti lamulo linali lolakwa sikukanatheka, poti amene analisunga ndi Sindilakwa. Kumasula akaidi nakonso sikukanatheka, poti ndiwo ankapalira minda ya nduna.

Amene anapulumutsa bwalo anali Nduna ya Zomera, Wolemekezeka Vomerani, amene anali atangobwera kumene ku msonkhano wakunja ndi sutikesi yatsopano komanso mawu awiri atsopano. Iwo anafotokoza kuti mu utomoni wa pa maluwa a chamba chachikazi mumakhala mankhwala ambirimbiri, koma akuluakulu ake ndi awiri. Wina amatchedwa THC, ndiye amazunguza mutu, kuseketsa munthu ndi kumusiya ndi njala ya mnanu. Wina amatchedwa CBD, wofatsa, amene amaziziritsa ululu osakhudza nzeru. Choncho, anatero a Vomerani, ufumu sunalakwe poletsa ndipo sulakwa poloreza, chifukwa zomerazi ndi ziwiri. Chamba chimene THC wake sapitirira gawo limodzi mwa magawo zana ndi chamba chaulemu, ndipo chilimidwe ndi okhawo amene ali ndi chiphaso. Chopitirira pamenepo ndi chamba chamwano, ndipo mwini wake akalowe zaka ziwiri. Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kufiira.

Ku msika wa Tsalapo lamuloli analilandira monga ankalandirira malamulo onse, ali chikhalire. Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa ngati chaulemucho chimagwada popereka moni. Wokhoma zidebe, amene anagonapo m'ndende chifukwa cha timitengo ta kuseri kwa bafa, anati iye wayang'anitsitsa zithunzi ziwiri zimene boma lapachika pa chipata cha msika, ndipo ndi chithunzi chimodzi chimene achisindikiza kawiri. Masamba ndi omwewo, fungo ndi lomwelo, kusiyana kwake ndi mpanda umene chamera kuseri kwake, wa waya kapena wa udzu. Za chiphaso palibe amene anavutika kufunsa kawiri. Mtengo wake unali woti munthu agulitse munda, ng'ombe ndi manda a makolo, n'kuperewerabe.

Komabe lamulo linkafuna muyezo, ndipo ufumu unaitanitsa makina kunja. Tsiku limene anafika kunali gule, amayi atavala zitenje zokhala ndi chithunzi cha makinawo, mfumu inadula riboni, abusa anapemphera. Atawatsegula ndi pomwe zinadziwika kuti amafuna magetsi osazima ndiponso timadzi tina togula kunja komweko. Katswiri amene anamutumiza kukaphunzira kagwiritsidwe kake anaphunzira bwino kwambiri mpaka eni ake anamulemba ntchito. Makinawo anawasamutsira m'chipinda chochezera cha a Vomerani kuti asabedwe, ndipo mkazi wa nduna anawafunditsa kansalu koluka n'kuikapo maluwa apulasitiki.

Bwalo linakhalanso pansi. Popeza THC amaseketsa, inatero nduna ina, tipeze munthu, timusutitse, tione ngati aseke. Osuta akale sangathandize, amenewo anazolowera, ukawapatsa munda wonse amangofunsa ngati kulinso wina. Pafunika chifuwa chimene sichinalawepo utsi ndi nkhope imene siinalawepo phwete. Panatsala funso limodzi: munthuyo akasuta, azimvetsera chiyani? Chinayenera kukhala chinthu chimene munthu wamutu wake sangachiseke ngakhale pang'ono, kuti akaseka pasakhale kukayika kuti walakwa ndi tsamba. Apa mfumu yeniyeniyo inadzipereka. Inati amuwerengere Uthenga wa Chitukuko, umene iyo imalankhula chaka ndi chaka, poti chiyambire palibe nzika imene inauseka.

Yotamu anamupeza akutuluka m'chipinda choulutsira mawu. Anakana mwaulemu, nati iye ndi mkulu wa mpingo. Koma abusa, amene tchalitchi chawo chinali chitangolandira malata kuchokera kwa munthu wina wakufuna kwabwino, anamukhazika pansi n'kumuuza kuti kusuta ndi tchimo ndithu, koma kuyeza ndi ntchito, ndipo sikelo ya pa butchala siinadyepo nyama. Anamupatsa udindo wa Muyezo Wamkulu wa Ufumu, jekete la mabatani agolide ndi kampando kake pakati pa bwalo la milandu.

Mlandu woyamba unali wa bambo wina wopala matabwa. Anamupichirira Yotamu ndudu ya masamba ogwidwawo, anakoka, natsokomola mpaka maso kutuluka misozi. Kenaka mlembi wa bwalo anayamba kuwerenga. Uthengawo Yotamu anali ataumvapo kambirimbiri monga nzika ina iliyonse, kutanthauza kuti ankaumva ngati mvula ya padenga, mutu uli pa mtengo wa feteleza. Koma utsi uja unachedwetsa nthawi. Mawu anayamba kubwera limodzilimodzi, lililonse n'kuima kuti alione bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Mawatiwona munthu anamvetsera zimene mfumu inanena. Anamva kuti njala inathetsedwa, ndipo chimene anthu akumva m'mimba ndi chilakolako cha chakudya, chizindikiro cha thanzi. Anamva kuti magetsi sazima, amangopita kukawalira ena. Anamva kuti mlatho wa pa mtsinje wa Sudutsa watha, chatsala ndi mtsinje wokha, umene mwamwano ukudutsa patali ndi pamene anamanga. Pamenepo chinthu chinagwedezeka pansi pa nthiti zake, chinakwera, n'kutuluka chikulira ngati njinga yopanda girisi. Yotamu Mkwapatira anaseka, ndipo wopala matabwa analowa zaka ziwiri.

Anabwerera kunyumba ndi manyazi ndiponso chisoni. Anadya chakudya chake, cha mkazi wake ndi chimene anasungira mawa, koma nkhope ya wopala matabwa ija siinamuchoke m'maso.

Minda ya chiphaso inali ndi dongosolo lakelake. Popeza mitengo yake inali yaulemu, sikunali koyenera kuikokera kubwalo ngati mbava; Muyezo ndiye ankapita komweko pa galimoto. Ndipo popeza mawu a mfumu sangawerengedwe pamtetete pomwe mphepo ingawauluze, m'malo mwa Uthenga wa Chitukuko ankabweretsa kwaya ya amayi kudzaimba nyimbo za pamaliro. Kumeneko Yotamu ankasuta zinthu zoti mitengo ya bulugamu inkayamba kumuwerama, koma ndani angaseke amayi akuimba za ulendo wa kumanda? Misozi inkangotsika, nduna n'kulengeza kuti chaulemu.

Kwa miyezi ingapo iye ankadzitonthoza kuti wolakwa ndi tsamba. Chitonthozocho chinatha tsiku limene apolisi anagwira mayi wina wa ku msika ndi dengu la masamba ouma. Atangokoka kamodzi, Yotamu anadziwa kuti wasuta ndiwo. Unali mfutso wa nkhwani, wosaledzeretsa ngakhale nyerere. Mutu wake unali mbee, ndipo anakonzeka kumumasula mayiyo. Koma mawu ukawamvetsa kamodzi sungawabwezenso kumene anachokera. Mlembi atafika pa mtsinje wamwano uja, phwete linangodzitulukira lokha. Mayiyo anamangidwa, ndipo bwalo linaletsa kufutsa nkhwani kufikira kafukufuku atatha. Ku Tsalapo anthu anati ndiwo yosalakwa imene yatsala m'dziko muno ndi mchere. Yotamu sanagone bwino kuyambira pamenepo, chifukwa iye yekha ankadziwa kuti kampando kake sikayeza chamba.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kumudzi kwawo kwa Yotamu kunali achemwali ake, a Ezelina, amene anasiya sukulu makolo atamwalira kuti amulere. Ndiwo anamubereka kumsana, ndiwo anamusokera kabudula wake woyamba wa kusukulu, ndipo phwete limene Yotamu analibe linapita lonse kwa iwo. Kuseri kwa khitchini yawo kunali mitengo ingapo ya chamba, mbewu yosiyiridwa ndi mayi awo. Masamba ake ankawawiritsa m'mafuta ophikira n'kumadzola m'maondo, otsala n'kupatsa nkhuku. Tsoka lake, mpanda wawo wa udzu unagundana ndi waya wa Munda wa Tsogolo, munda wa Wolemekezeka Vomerani. Nduna inali itaitanitsa mbewu yodula kunja, koma mbewuyo itaona dzuwa la Mawatiwona inafika m'maondo n'kufota. Mitengo ya a Ezelina inapitirira denga, ndipo inkaonekera kumsewu umene alendo a nduna ankadutsa. Mlendo wina anaiyamikira poganiza kuti ndi ya nduna. Mawa lake apolisi anafika.

Yotamu anawapeza achemwali akewo m'chitolokosi atakhala pa simenti, akutsokomola. Mtima wake unasweka. Munthu amene wawerenga maliro moyo wake wonse amadziwa chifuwa chimene sichingapirire nyengo yozizira ya m'ndende.

"Achemwali, bwanji simunazule muja ndinakuuzani?"

"Ndizule mankhwala a maondo anga chifukwa nduna yalephera kulima? Iwe Yotamu, jekete limeneli lakufinya mutu."

Anawafunsa motsitsa mawu ngati mwina chambacho n'chofatsa. A Ezelina anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso, nati mbewu imeneyo ndi ya mayi awo, tambala akamwa madzi ake amathamangitsa agalu. Kenaka anamugwira dzanja kudzera pa mawaya.

"Usaseke basi. Uli mwana ndinkakugirigisha m'khwapa mpaka zala kutopa, iwe duu ngati chitsa. Ungalephere tsiku limodzi lokha?"

Iye anavomera ndi mutu. Sanawauze za nkhwani.

Anakonzekera ngati munthu wopita kunkhondo. Anasala kudya kuti thupi likhale lokwiya. Anathyola munga wa mthethe n'kuuika mu nsapato pansi pa chala chachikulu. Anabwereza pamtima mayina a anthu onse amene anawalengezapo pa wailesi, ndi midzi yawo, kuti mlembi akamawerenga, iye akhale ali pamaliro. Uthengawo ankaudziwa pokhota pake ponse, ndipo anawerengera kuti akangodutsa pa mlatho ndiye kuti wawoloka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku la mlandu linakumana ndi kubwera kwa ogula akunja, amene anapempha kuona mmene ufumu umayezera mbewu zake. Bwalo linadzaza mpaka m'mawindo. Ndipo pofuna kulemekeza alendo, Mfumu Sindilakwa Wachinayi inabwera yokha, mamendulo ali ngwerengwere pachifuwa, n'kulengeza kuti lero mlembi apume, iwerenga ndi pakamwa pake uthenga watsopano umene sunamvekepo.

Yotamu anakoka utsi wa mbewu ya mayi ake, ndipo anadziwa kuti tambala uja sankanama. Denga linakwera, mabenchi anatalika, mamendulo a mfumu anayamba kumuphethira. Anaponda munga.

"Anthu anga," inayamba mfumu, "adani a chitukuko akhala akunena kuti mlatho wathu ulibe mtsinje. Lero ndikulengeza kuti takhazikitsa komiti yokakambirana ndi mtsinjewo."

Munga unalowa mpaka pa fupa. Yotamu anayamba kutchula akufa mumtima, mudzi ndi mudzi. Mfumu inapitiriza. Inati maenje onse a mumsewu waukulu alembetsedwa ngati madamu a nsomba, choncho misewu yoipa yatha ndipo ulimi wa nsomba wakwera tsiku limodzi. Inati ndende zisatchedwenso ndende koma nyumba zopumuliramo nzika, kotero kuyambira lero mu ufumu mulibe mkaidi. Inati mitengo ya zinthu siinakwere, anthu ndiwo afupika. Phwete linadzaza m'mimba mwa Yotamu, linakwera pachifuwa, linafika pakhosi. Analuma lilime mpaka kumva mchere wa magazi. Thukuta linanyowetsa jekete. Akufa atamuthera, anatembenuza maso n'kuyang'ana a Ezelina, ataima m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, mpango uli kumutu, mapazi ali otupa. Anawayang'ana osaphethira mpaka mfumu inapinda mapepala ake.

Onse anasuzumira nkhope ya Muyezo, ndipo inali youma ngati kale. Mfumu inakondwa kuti alendo aona ulemu wa zomera za m'dziko lake, ndipo inagamula ndi pakamwa pake kuti chamba cha mayiyu ndi chaulemu.

Chimwemwe chimene Yotamu anamva sanachimvepo chibadwire. Anaona achemwali ake akumanga chitenje bwinobwino, kukonzekera ulendo wa kumudzi. Chibale ndi fupa sichiola, ndipo lero fupalo analilipira ndi magazi a m'kamwa mwake.

Pamenepo Wolemekezeka Vomerani anaimirira, nakonza tayi, n'kupempha kukumbutsa bwalo kanthu kochepa. Chamba chaulemu, anatero, ndi mbewu ya mfumu, chuma cha dziko, tsogolo la ana athu. Wolima chamwano amangowononga mutu wake, n'chifukwa chake amalowa zaka ziwiri zokha. Koma wolima chaulemu popanda chiphaso waboola nkhokwe ya mfumu, ndipo lamulo likuti zaka zisanu. Mitengo yake ndi njere zake ziperekedwe ku munda wachiphaso umene uli pafupi kuti zisungike bwino. Nduna zinagwedeza mitu, woweruza anatsegula buku, ndipo zinalidi momwemo.

Yotamu anayang'ana nduna, anayang'ana mfumu, anayang'ana magazi amene ankatuluka mu nsapato yake. Kenaka anaseka. Silinali phwete la chamba kapena la mlatho. Linali phwete lowawa, la munthu amene wathawa mvula n'kugwera m'chitsime, ndipo linakana kuleka. Anagwa pa kampando kake, anagubuduka pansi pamaso pa mfumu ndi alendo, misozi ndi magazi zili mbwee, akusekabe.

Asilikali anagwira zibonga. Mu Mawatiwona chilango cha woseka mfumu chinali chingwe, ndipo aliyense m'bwalomo ankadziwa kuti uthenga unali utatha kale, kuyeza kunali kutatsekedwa, ndipo munthuyu akuseka chigamulo. Mfumu inafiira maso. A Ezelina sanadikire kupatsidwa mpata. Anagwada m'kabokosi muja, maondo ovutawo akulira.

"Mfumu yanga, musamuone choncho mwanayu. Ndi chamba changacho. Chimachedwa kugwira, koma chikagwira sichisiya. Ndi chamwano chenicheni, mwini wake ndine, ndikuvomera."

Bwalo lonse linapuma. Nduna zinathamangira kuvomereza kuti zoonadi, sipangakhale chifukwa china, nanga munthu angaseke chiyani m'bwalo la Sindilakwa? Asilikali anatsitsa zibonga. Yotamu, ali chigonere pansi, anazindikira kuti achemwali ake amuchotsa chingwe m'khosi, ndipo kachiyembekezo kanamugwira kakuti mwina potero adzichepetsera okha chilango, ziwiri m'malo mwa zisanu.

Mfumu inaganiza kwa kanthawi ikusisita mamendulo. Kenaka inati chigamulo choyamba chinatuluka m'kamwa mwa Sindilakwa, choncho sichingabwezedwe: chambacho ndi chaulemu. Phwete nalo lamveka ndi onse, ndipo silingakhale la china: chambacho ndi chamwano. Mayiyu walima zomera ziwiri mu mtengo umodzi, chinthu chimene ngakhale akatswiri akunja sanachikwanitse, ndipo alandire zilango zonse ziwiri motsatana. Nduna zinaimirira kuombera m'manja nzeru zoterezi. Alendo aja anaomba nawo, poti womasulira anawauza kuti umenewu ndi mwambo wa makolo wothokoza mlimi.

Ku Tsalapo nkhaniyi sanaichedwetse. Wokhoma zidebe anati tsopano zamveka bwino: Muyezo akaseka walowa, akapanda kuseka walowa, ndiye chanzeru n'kupempha kuti aseke msanga.

Nyengo yokolola itafika, galimoto inabwera kudzamutenga Yotamu kuti akayeze mbewu za ku Munda wa Tsogolo. Sanawuzindikire mundawo. Pamene panali timitengo tofota panali nkhalango yobiriwira yopitirira mutu wa munthu, fungo lake lomveka kumsewu. M'mizere munali nzika zopumula, zitavala zoyera, zikupalira mlonda ali pambuyo ndi mfuti. Mu mzere wa kumapeto anaona munthu wowerama, woonda, akukoka khasu ndi manja awiri. Anapempha mlonda kuti awapatse moni.

A Ezelina anadzuka pang'onopang'ono, atatsamira mpini. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati jeketelo layamba kumukhwepa. Kenaka analoza mitengo ya chamba ija ndi chibwano.

"Wawaona ana anga? Onse analembedwa ntchito m'boma. Mayi wawo ndiye ndamangidwa chifukwa chowabereka."

"Achemwali, mundikhululukire. Zaka ziwiri zapamwambazo ndinakuwonjezerani ndine."

"Zisiye zimenezo. Ndinalera mwana wosaseka, ndinkati ndifa osamva mawu ake a phwete. Ndinamva, ngakhale anandigulitsa modula." Anatsokomola kwa nthawi, napukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja. "Nkhuku zanga zilipo?"

Yotamu anati zilipo, zikuikira bwino. Chitopa chinali chitazimaliza zonse mwezi womwe a Ezelina anamangidwa. Anafunsa za maondo, ndipo iwo anati akaidi saloledwa kuthyola ngakhale tsamba limodzi, poti ndi mankhwala odula a odwala akunja. Mlonda anakhosomola, a Ezelina anaweramanso.

Pamthunzi pamene anaika kampando panali chipwirikiti. Kwaya siinafike, galimoto yawo inali pa mzere wa mafuta, ndipo ogula anali atakhala kale pansi kudikira. Kapitawo wa mundawo ankatuluka thukuta. Ankadziwa mphamvu ya mbewu imene analanda, ndipo popanda nyimbo za maliro Muyezo akanatha kugwetsa malonda a chaka chonse ndi phwete limodzi. Anayamba kufunsa ngati pali mlonda wodziwa kuimba. A Vomerani sanatekeseke. Anayang'ana Yotamu, anayang'ana kumene maso a Yotamu anali, ndipo ananyamula okha kampando kaja n'kukatembenuzira ku mzere wa kumapeto.

Yotamu anakhala pansi. Anakoka utsi, ndipo unali womwewo, wa kuseri kwa khitchini ya kwawo. Nthawi inachedwa monga mwa masiku onse, ndipo anaona bwinobwino khasu lililonse likukwera movutika, likutsika, msana wokalamba uja ukugwedezeka ndi chifuwa. Kapitawo anamuuza nthabwala kuti atsimikize, mlendo wina anagwa pa mpando wake ndi phwete, koma nkhope ya Muyezo siinasunthe. Chaulemu, inalengeza nduna, ndipo mabelo anakwezedwa m'malole.

Pa msonkhano wotsatira a Vomerani anauza bwalo kuti ufumu wapulumutsa ndalama zambiri, chifukwa kwaya siikufunikanso. Muyezo tsopano ukugwira ntchito popanda nyimbo, bola kuulozetsa koyenera. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene Yotamu ankapita kukayeza munda wachiphaso, ankapeza kuti galimoto ya ndende yafika kale, ndipo achemwali ake awaimika ndi khasu kutsogolo kwa kampando.

Iye anaika chiyembekezo chake chonse pa tsiku lobadwa mfumu, pamene mwa mwambo akaidi okalamba ndi odwala amakhululukidwa. Anagula bulangeti latsopano, anafolera denga la kumudzi, anagulanso tinkhuku tiwiri kuti bodza lake lija lisaonekere. Tsikulo litafika anakhala pafupi ndi wailesi, namvetsera mayina onse mpaka lomaliza. Munali mbava za ng'ombe, munali wopala matabwa uja, munali ndi nduna ina yakale imene inadya chipatala chonse. A Ezelina munalibe.

M'mawa mwake anavala jekete lake napita ku nyumba ya mfumu kukafunsa ngati mwina dzina linadumphidwa. Mlembi wamkulu anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumufotokozera mwaulemu kuti palibe chimene chinadumphidwa. Mfumu imakhululukira anthu, osati zipangizo za boma.